Kodi bridge ndi masewera otani, nanga akusiyana pati ndi njuga?

Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, makadi alibe mbiri yabwino. Mukaona anyamata atazungulira katoni kuseri kwa msika, wina maso ali tcheru kumsewu, simufunsanso kuti akuchita chiyani. Kholo likapeza makadi m'chikwama cha mwana wasukulu, nthawi zambiri amathera pamoto.

Ndiye munthu akamva kuti pali masewera a makadi amene mayiko amatumizirako matimu, mbendera n'kukwezedwa, mendulo n'kuperekedwa, mutu umaima. Koma zilipo. Pa mipikisano ya Asian Games ya 2018 ku Jakarta, masewera a bridge anali pa ndandanda limodzi ndi mpira ndi kuthamanga. Michael Bambang Hartono, mpondamatiki wa ku Indonesia yemwe anali ndi zaka 78, anapata mendulo ya bronze pamodzi ndi timu yake. Bridge anaseweredwanso pa mipikisano yomweyi ku Hangzhou mu 2023. Bill Gates ndi Warren Buffett amadziwika kuti amawakonda, ndipo mtsogoleri wakale wa China, Deng Xiaoping, ankawasewera mpaka ku ukalamba wake.

Mayina a anthu achumawa ndi amene amakulitsa chikaiko: kodi si njuga yomweyi, yangovala suti? Kuti funsoli muliyankhe nokha, muyenera kuona kaye zimene zimachitika patebulo.

Anthu anayi, makadi 52, milu 13

Bridge amasewera anthu anayi, awiriawiri. Okhala moyang'anizana ndiwo a timu imodzi. Mipando imatchedwa ndi mayina a mbali za dziko: Kumpoto ndi Kumwera ali pamodzi, Kum'mawa ndi Kumadzulo ali pamodzi. Makadi ake ndi omwewa ogula m'golosale, 52, ma joker atachotsedwa. Onse amagawidwa, aliyense 13, osatsala ngakhale limodzi pansi. Mitundu ndi inayi ija: sipedi, mtima, daimondi ndi kilabu, imene ena amaitcha fulawa. Mu mtundu uliwonse khadi lalikulu ndi A, kenako K, Q, J, 10, kutsika mpaka 2.

Wina amaponya khadi, enawo n'kumatsatira mozungulira monga imayendera mivi ya wotchi. Lamulo lake n'losavuta: ngati uli ndi khadi la mtundu umene wayambidwawo, uyenera kuponya la mtundu womwewo. Makadi anayi akakwana, amene waponya lalikulu la mtunduwo ndiye wadya. Makadi anayi amenewa osewera amawatcha trick, koma m'nkhani ino tiziti mulu. Amene wadya mulu ndiye amayamba wotsatira, ndipo popeza aliyense ali ndi makadi 13, ulendo uliwonse uli ndi milu 13 yoti matimu awiriwa alimbirane.

Pa maulendo ambiri pamakhala mtundu umodzi wolamulira, umene amautcha trump. Mtundu woyambidwa ukakuthera m'manja, ukhoza kudula ndi trump, ndipo 2 wa trump amadya ngakhale A wa mtundu wina. Maulendo ena amaseweredwa popanda mtundu wolamulira, zimene amazitcha no trump, mwachidule NT.

Chimene chimadabwitsa munthu woonerera koyamba n'chakuti khadi loyamba likangoponyedwa, mmodzi mwa anayiwo amayala makadi ake onse patebulo, poyera, n'kupinda manja. Ameneyu amatchedwa dummy. Mnzake ndiye amasewera makadi a onse awiri, akeake obisika ndi oyalidwawo, ndipo dummy saloledwa kupereka nzeru ngakhale ataona kuti mnzakeyo akugwera kuphompho. Choncho aliyense mwa atatu otsalawo amaona makadi 26 mwa 52: ake ndi a patebulo. Theka linalo amachita kulingalira. Mu bawo ndi chess zonse zimakhala poyera, pamene mu bridge ntchito yaikulu ndi kuzindikira zimene sukuziona.

Kudula ndime musanayambe

Makadi asanayambe kuponyedwa pamakhala gawo lina, ndipo ndi limene limasiyanitsa bridge ndi masewera ena a makadi.

Aliyense amene analimapo ganyu m'minda ya kachewere ku Bembeke kapena ku Tsangano amadziwa kuti khasu silitera pansi ndime isanadulidwe. Mumagwirizana kaye, mizere yakuti pa ndalama zakuti. Ukamaliza ulandira zako, ukasiyira panjira mwini munda akudula. Mu bridge ndi chimodzimodzi, kungoti ndimeyo umadzidulira wekha, ndipo matimu awiriwo amalimbirana kuti alime ndani. Kulimbiranako amakutcha okushoni, ndipo lonjezo lomaliza limene latsala ndiye kontirakiti.

Polonjeza umatchula nambala ndi mtundu. Milu 6 yoyamba siwerengedwa, motero wonena kuti "1 mtima" akulonjeza kuti iye ndi mnzake adya milu 7, mtima uli trump. "4 sipedi" ndi milu 10. "7 NT" ndi milu yonse 13 popanda trump. Lonjezo lililonse liyenera kuposa lomwe lanenedwa kale, ndipo mitundu ili ndi makwerero ake: kilabu pansi, kenako daimondi, mtima, sipedi, pamwamba NT. Choncho "1 sipedi" imaposa "1 mtima", koma wofuna kutchula daimondi pambuyo pake ayenera kukwera n'kunena "2 daimondi". Malonjezo onse otheka alipo 35. Wopanda chonena amati pass. Amene akuona kuti adani alonjeza zimene sangakwanitse amati double, zomwe zimakweza chilango akalephera komanso mphoto akakwanitsa, ndipo olonjezawo akadzidalira akhoza kubwezera ndi redouble. Wina atalonjeza kale, anthu atatu akanena pass motsatizana, okushoni yatha. Mwa awiri opambanawo, amene anayamba kutchula mtundu wa kontirakitiyo ndiye amasewera, mnzake n'kukhala dummy.

Apa mpamene pagona nkhani. Ndime imene ukudulayo ndi ya anthu awiri, koma makadi a mnzako sukuwaona, ndipo suloledwa kumuuza ako. Kutsinzina n'koletsedwa, kutsokomola dala n'koletsedwa, ngakhale kuusa moyo. Mawu ololedwa ndi 15 okha: manambala 1 mpaka 7, mayina a mitundu inayi, no trump, pass, double ndi redouble. Ndi mawu amenewa uyenera kumuuza mnzako mphamvu ya makadi ako ndi mtundu umene uli nawo wambiri, iyenso akuuze zake, adani akumva komanso akudukiza.

Poyeza mphamvu ya makadi, pafupifupi aliyense amagwiritsa ntchito kawerengedwe kamodzi kamene Milton Work ndi Charles Goren a ku America anakafalitsa: A ndi mapointi 4, K ndi 3, Q ndi 2, J ndi 1. Makadi onse ali ndi mapointi 40, ndiye munthu wa makadi apakati amakhala ndi 10. Wokhala ndi 12 kapena 13 amatsegula okushoni. Awiri akakhala ndi 25 kapena 26 pamodzi amayesa lonjezo lalikulu. Ndipo amafunafuna mtundu umene ali nawo makadi osachepera 8 onse pamodzi kuti ukhale trump. Mapointi awa ndi ongoyezera, salembedwa pa pepala la zigoli.

Malonjezo ena satanthauza zimene akunena. Mnzako akatsegula ndi "1 NT" iwe n'kuyankha "2 kilabu", kwa osewera ambiri sukunena za kilabu ayi. Ukufunsa ngati ali ndi makadi anayi a mtima kapena a sipedi. Funsoli limatchedwa Stayman. Momwemonso "4 NT" kawirikawiri ndi funso lakuti uli ndi ma A angati, lotchedwa Blackwood kutengera dzina la Easley Blackwood amene analiyambitsa m'zaka za m'ma 1930. Mayiko amasiyananso kalankhulidwe. Ku America "1 NT" nthawi zambiri imatanthauza mapointi 15 mpaka 17, pomwe mu kachitidwe ka ku Britain kotchedwa Acol ambiri amatanthauza 12 mpaka 14.

Mwina mukuti kumeneku ndiye kubera kumene. Ayi, chifukwa pali lamulo lakuti mgwirizano uliwonse wa awiriwo ukhale poyera. Adani ali ndi ufulu wofunsa kuti lonjezo la mnzakolo likutanthauza chiyani, ndipo uyenera kuyankha zoona zonse. Pa mipikisano awiri aliwonse amalemba mgwirizano wawo pa pepala n'kulipereka kwa adani masewera asanayambe. Chinsinsi chololedwa ndi makadi a m'manja mwako basi.

Chifukwa chake anthu amakwera pamwamba

Munthu angafunse: bwanji osangolonjeza zochepa, n'kumakwanitsa bwinobwino ulendo uliwonse? Yankho lili mu kawerengedwe ka zigoli. Mulu uliwonse wopitirira 6 ija umapatsa mapointi 20 ngati trump ndi kilabu kapena daimondi, 30 ngati ndi mtima kapena sipedi, ndipo pa NT woyamba ndi 40, otsatirawo 30. Milu imene unalonjeza ikakwana mapointi 100, umalandira bonasi yaikulu, ndipo lonjezo lotere amalitcha game. N'chifukwa chake osewera amathamangira 3 NT, 4 mtima ndi 4 sipedi, koma amazengereza pa 5 kilabu ndi 5 daimondi, zomwe zimafuna milu 11.

Taonani kusiyana kwake pa mipikisano. Mukalonjeza 4 sipedi n'kudya milu 10, mumapeza 120 kuwonjezera bonasi ya 300, zonse 420. Mukaima pa 3 sipedi n'kudya milu 10 yomweyo, mumapeza 170 basi. Makadi omwewo, ntchito yomweyo, koma amantha alandira zosakwana theka. Mukalonjeza 4 n'kuperewera mulu umodzi, simupeza kanthu, adani ndiwo amalemba 50. Pa maulendo ena, amene amaikidwiratu chizindikiro chofiira, bonasi ija imakwera kufika 500 ndipo chilango chimakhala 100 pa mulu uliwonse woperewera. Kulonjeza milu 12 kapena yonse 13, kumene amakutcha slam, kuli ndi bonasi inanso pamwamba, kuyambira 500 mpaka 1500.

Ulendo umodzi, khadi ndi khadi

Tiyerekeze kuti mwakhala Kumwera, ndipo makadi agawidwa motere.

Inu Kumwera: sipedi A K J 7 4, mtima A Q 3, daimondi 8 5 2, kilabu 9 6.
Mnzanu Kumpoto: sipedi Q 10 6 2, mtima 7 5 4, daimondi A 9, kilabu A J 8 3.

Wogawa ndi Kumadzulo, ndipo wati pass. Mnzanu ali ndi mapointi 11, nayenso pass, Kum'mawa pass. Inu muli ndi 14 ndi masipedi asanu, mwati "1 sipedi". Mnzanu wayankha "3 sipedi", kutanthauza kuti ali ndi masipedi anayi ndi mapointi pafupifupi 10 mpaka 12. Mwaphatikiza, mwaona kuti mukufika cha m'ma 25, mwati "4 sipedi". Ndime yadulidwa: milu 10.

Kumadzulo waponya K wa daimondi, mnzanu wayala makadi. Wosewera wabwino sathamangira kuponya apa, amayamba wawerenga. Masipedi asanu onse adya. Ma A atatu a mitundu inayo adyanso. Yakwana 8. Iwiri yotsalayo ichokera kuti? Wa 9 ukuoneka: patebulo pali madaimondi awiri, inu muli nawo atatu, ndiye lachitatulo mudzalidula ndi sipedi ya patebulo. Wa 10 uli pa Q wa mtima, ndipo vuto lake ndi K amene ali kwa mmodzi wa adani.

Mukangoponya Q kuchokera m'manja mwanu, K amudya, kaya ali mbali iti. Koma mukayamba mtima waung'ono kuchokera patebulo, Kum'mawa amaponya inu musanaponye. Ngati K ali naye iye, wagwidwa pakati: akamuponya mumudya ndi A, Q n'kutsala mfumu, akamubisa muponya Q n'kudya, chifukwa Kumadzulo alibe chomuposa. Ngati K ali Kumadzulo, Q wapita. Msampha umenewu amautcha finesse, ndipo popanda chidziwitso china umagwira theka la maulendo.

Koma chidziwitso china chilipo kwa munthu wotchera khutu. Mwadya K wa daimondi ndi A, mwaponya masipedi kawiri ndipo a adani atha. Mwapereka daimondi, Kumadzulo wadya ndi Q, n'kuponya K wa kilabu. Mwa chizolowezi, woyamba ndi K amakhala ali ndi Q kumbuyo. Tawerengani tsopano: K ndi Q wa daimondi, mapointi 5, K ndi Q wa kilabu, 5 enanso. Akwana 10. Akanakhalanso ndi K wa mtima, akanakhala ndi 13, ndipo munthu wa 13 sakananena pass poyamba paja. Choncho K wa mtima ali Kum'mawa. Mwadya kilabu ndi A wa patebulo, mwayamba mtima, mwaponya Q mtima uli m'malo. Pass imodzi imene inanenedwa mphindi zisanu zapitazo yakuuzani khadi limene simunalione.

Akatswiri amasunganso m'mutu masamu a kagawidwe. Ngati adani ali ndi makadi asanu a mtundu wina, amagawikana 3 ndi 2 pa maulendo pafupifupi 68 mwa 100. Ngati ali ndi anayi, kugawikana 3 ndi 1 kumachitika kawirikawiri kuposa 2 ndi 2. Adani nawo sakhala akugona. Iwo amalankhulana ndi makadi amene akuponya: kwa ambiri, kuponya khadi lalikulupo pa mtundu umene mnzako wayamba n'kumuuza kuti pitiriza, laling'ono n'kumuuza kuti leka. Zizindikiro zimenezinso wosewera wa mbali inayo ali ndi ufulu wozidziwa.

Nanga mwayi uja amauchotsa bwanji?

Wotsutsa anganenebe kuti wolandira ma A anayi apambana, kaya ndi katswiri kaya ayi. Pa bridge ya panyumba, imene makadi amasakanizidwa ulendo uliwonse, zimenezi n'zoona ndithu kwa usiku umodzi. Ndipo tisabise, mtundu umenewu, wotchedwa rubber bridge, m'makalabu ena a kunja amausewera pa ndalama.

Pa mipikisano amachita zina. Makadi akagawidwa amaikidwa m'kathabwa ka matumba anayi, thumba la mpando uliwonse. Posewera, munthu saponya khadi pakati kuti lisakanikirane ndi ena, amaliika patsogolo pake. Ulendo ukatha, aliyense amabwezera makadi ake 13 m'thumba lake, kathabwako n'kupita pa tebulo lina. Kumeneko anthu ena anayi amasewera makadi omwewo, mpando ndi mpando. Kachitidwe aka kamatchedwa duplicate. Zigoli zanu siziyerekezedwa ndi za adani a patebulo panu, koma ndi za anthu onse amene anagwira makadi anu omwewo pa matebulo ena. Ngati pa makadi tafotokoza aja ena onse apeza 420 inu n'kupeza 170, mwatsalira, ngakhale kontirakiti yanu mwaikwanitsa. Ngati mwalandira makadi opanda pake koma mwataya 420 pamene ena onse ataya 450, mwatsogola.

Pa mipikisano ya matimu a anthu anayi, awiri a timu yanu amakhala Kumpoto ndi Kumwera m'chipinda china, awiri enawo Kum'mawa ndi Kumadzulo m'chipinda chachiwiri, makadi ali omwewo. Makadi abwino amene adani anu ali nawo kuno, anzanu ali nawo uko. Mwayi sutheratu psiti, chifukwa finesse yoyenera ikhoza kulephera pamene yolakwika yagwira, koma pa maulendo ambirimbiri zotere zimafafanizika. Kuloweza makadi n'kosathekanso: munthu mmodzi akhoza kulandira makadi 13 m'njira zosiyana 635,013,559,600.

Kumene anachokera

Kholo la bridge ndi whist, masewera amene anatchuka ku England m'zaka za m'ma 1700, opanda okushoni ndi dummy. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunabwera mtundu wokhala ndi dummy, ndipo okushoni inawonjezedwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Kawerengedwe ka zigoli kamene kanapanga bridge ya lero anakakonza Harold Vanderbilt wa ku America mu 1925, ali paulendo wa pa sitima yapamadzi yodutsa pa ngalande ya Panama. Nzeru yake inali yakuti bonasi yaikulu ipite kwa okhawo amene analonjeza, osati amene angopezeka adya milu yambiri. M'zaka za m'ma 1930 Ely Culbertson anawafalitsa mu America monse.

Chikho cha dziko lonse, Bermuda Bowl, chinayamba mu 1950, ndipo bungwe la World Bridge Federation linakhazikitsidwa mu 1958. Timu ya Italy inatenga chikhochi maulendo 13 pakati pa 1957 ndi 1975. Amayi ali ndi chikho chawo, Venice Cup, chimene chinayamba mu 1974, ngakhale saletsedwa kupikisana ndi amuna. Africa sili kunja: mpikisano wa Bermuda Bowl unachitikira ku Hammamet ku Tunisia mu 1997 ndi ku Marrakech ku Morocco mu 2023, ndipo mu 2007 ku Shanghai timu ya South Africa inagwetsa Italy n'kufika mu ndime ya matimu anayi omaliza.

Kubera kwake ndi kunong'onezana

Popeza makadi amagawidwiratu, wakuba wa mu bridge sabisa A m'malaya. Amaba pouza mnzake zimene mawu 15 aja sangamuuze. Mu 1965 ku Buenos Aires, awiri a ku Britain anaimbidwa mlandu woti ankasonyezana kuchuluka kwa makadi a mtima ndi kagwiridwe ka zala, ngakhale kafukufuku wa kwawo anadzawapeza osalakwa. Mu 1975 awiri a ku Italy ananenedwa kuti ankapondana mapazi pansi pa tebulo. Mu 2015 wosewera wa ku Norway, Boye Brogeland, anatsogolera kuulula ena mwa akatswiri apamwamba. Anthu wamba ataonerera makanema a masewera mobwerezabwereza pa intaneti, ananena kuti awiri ena ankaika khadi choimirira kapena chopingasa pofuna kusonyezana ngati ali ndi khadi lalikulu. Ena analetsedwa kusewera, ndipo milandu ina inakathera kumakhoti, kumene zilango zina zinathetsedwa chifukwa umboni unaoneka wosakwanira.

N'chifukwa chake tebulo la mpikisano waukulu limaoneka lachilendo. Pakati pamadutsa chotchinga chopingasa kuchokera pangodya kufika pangodya, mpaka pansi, kuti awiri a timu imodzi asaonane nkhope kapena kugundana miyendo. Malonjezo sanenedwa pakamwa, poopa kuti kamvekedwe ka mawu kangaulule zina. Aliyense amasolola kakhadi kolembedwa lonjezo lake m'kabokosi, n'kukaika pa thireyi imene imakankhidwa kudutsa pansi pa chotchingacho. Ngakhale kuchedwa kuganiza kuli ndi lamulo lake: mnzako akazengereza nthawi yaitali kenako n'kunena pass, wadziwa kuti anali ndi kanthu, koma suloledwa kugwiritsa ntchito chidziwitso chimenecho.

Kodi tiziwaika pamodzi ndi mpira?

Apa akuluakulu sanamvane. Komiti ya Olimpiki ya dziko lonse inavomereza World Bridge Federation mu 1999 ngati bungwe la zamasewera, monga inachitira ndi chess, ngakhale bridge sanalowepo pa ndandanda ya mendulo za Olimpiki. Kuvomerezedwako kumabwera ndi malamulo oyeza mankhwala owonjezera mphamvu. Mu 2019 Geir Helgemo, amene pa nthawiyo anali nambala wani pa dziko lonse, analetsedwa kusewera kwa chaka chimodzi atapezeka ndi mankhwala oletsedwa m'thupi, ngakhale akuluakulu a bridge kwawo ku Norway ananena kuti mankhwalawo sakanamuthandiza kusewera bwino.

Kumbali ina, mu October 2017 khoti lalikulu la European Union linagamula mlandu wa bungwe la English Bridge Union, limene linkafuna kuti ndalama zolowera mipikisano zisamadulidwe msonkho wa VAT monga zimakhalira ndi masewera ena. Khotilo linati pa nkhani ya msonkhowo, masewera ayenera kukhala ogwiritsa ntchito thupi mooneka, ndipo bridge sakwanira pamenepo. Okonda bridge amayankha kuti kukhala patebulo maola ambiri tsiku lililonse kwa milungu iwiri, ukukumbukira khadi lililonse, kumatopetsa mofanana. Otsutsa amati kutopa kwa mutu ndi kwina, thukuta ndi lina. Mkanganowu sukhudza funso la njuga, umakhudza ndalama za boma ndi msonkho.

Makompyuta nawo sanawagonjetseretu masewerawa monga anachitira ndi chess. Mu March 2022 ku Paris, pulogalamu yotchedwa NooK ya kampani ya NukkAI inaposa akatswiri 8 amene anakhalapo opambana pa dziko lonse, koma mpikisanowo unali wa kuponya makadi kokha, kontirakiti itaikidwiratu. Gawo la okushoni, lomvana ndi mnzako, silinayesedwe.

Kwa ofuna kulawa

Zofunika ndi anthu anayi, paketi imodzi ya makadi, pepala ndi cholembera. Madzulo ozizira a June ndi July pa Dedza pano, pamene anthu safuna kutuluka panja, ndi okwanira kuphunzira chiyambi chake. Amene ali ndi bandulo akhoza kuonerera akatswiri kapena kusewera ndi maloboti pa Bridge Base Online, imene inayamba mu 2001.

Aphunzitsi ambiri samayambira pa okushoni, chifukwa ndi imene imathawitsa anthu. Amayambira pa minibridge. Makadi akagawidwa, aliyense amawerenga mapointi ake n'kuwanena mokweza, ndipo onse pamodzi ayenera kukwana 40. Akapanda kukwana, wina waphonya masamu. Timu ya mapointi ambiri ndiyo imasewera, wa mapointi ochuluka mwa awiriwo ndiye woyendetsa, mnzake n'kuyala makadi. Woyendetsayo akaona makadi a onse awiri amasankha trump kapena NT, n'kunena ngati akupita pa game kapena akuima pa milu 7. Kenako wokhala kumanzere kwake amaponya khadi loyamba. Zikachitika kuti matimu onse ali ndi mapointi 20, makadi amasakanizidwa n'kugawidwanso.